Ski-Doo, Polaris kapena Arctic Cat, ya kuphiri yabwino ndi iti?

Amene muli kuno ku Alberta ndi British Columbia ndipo anzanu akuntchito ayamba kukukokerani ku Revelstoke nyengo ya chipale, tamvani kaye musanataye ndalama. Ma snowmobile (makina a injini oyendera pa chipale) a kuphiri a makampani atatuwa ndakwerapo onse, ina yobwereka kwa anzanga ina ya lendi, komanso mikangano ya pamalo oimika magalimoto ndaimva mpaka makutu kuwawa, ndiye maganizo anga ndi awa: anthu amalimbana kwambiri ndi za mphamvu ya injini pomwe chimene chimamaliza munthu kuphiri ndi kulemera kwa makinawo basi.

Kwa amene simunaionepo, ya kuphiri ndi yosiyana ndi ija yoyendera m'njira zosalaza. Kumbuyo ili ndi track yaitali, mainchesi 154 kapena 165 ina mpaka 175, yokhala ndi mano a labala pafupifupi mainchesi 3 opalasira chipale chofewa, kutsogolo ma ski awiri oyandikana kuti izitha kupendekeka msanga. Sukhala pansi ayi, tsiku lonse waimirira, kulumphira mbali iyi kulumphira mbali iyo, kuikoka kuti igone mbali imodzi podutsa chopingasa paphiri.

Ndiye tsiku lina itatitimira, ndipo imatitimira ndithu ngakhale kwa akatswiri, mpamene umadziwa tanthauzo la makilogalamu. Track yakumba dzenje, chipale chafika m'chiuno, iwe ukufosholera pansi pake kenako kukoka ski kwinaku mnzako akupatsa moto, mpweya ukuperewera chifukwa uli pamwamba, thukuta kamukamu mkati mwa jekete pomwe kunja kukuzizira koopsa. Ukachita zimenezo katatu usanadye nkhomaliro mikono imakhala yatha ndipo kuyambira pamenepo umangolakwitsa chilichonse, kutitimira kumachulukanso. Nchifukwa chake Polaris RMK anthu ambiri amaikonda, ma PRO RMK ndi Khaos aja ndi opepuka zoona, osafika makilogalamu 200 asanathiridwe mafuta, komanso ndi yowonda moti ikagona chambali paphiri imagwira mzere wake osakulimbitsa. Koma chenjerani ndi manambala a m'kabuku, amenewo amayeza ilibe petulo ilibe oyilo, muthire malita pafupifupi 40 a petulo, chikwama cha zida, ndiye chipale chimene chimamatirira pansi pa tunnel, chitsulo chija chophimba track, tsiku likamapita, mupeza kuti mukukoka zambiri kuposa zimene anakuuzani ku shopu.

Ski-Doo Summit ndi yolemererako pang'ono koma mmene imamvekera m'manja ndi nkhani ina, kuigoneka sikufuna mphamvu zambiri ndipo kwa munthu woyamba kumene ine ndimaona kuti imakhululuka zolakwa. Ena amati imathamangira kudzutsa mutu pokwera, makamaka ya track yaifupi, zimenezo nzoona koma umazolowera. Chimene ndimachikonda kwambiri pa Ski-Doo ndi sitata yawo ija ya SHOT, umakoka chingwe kamodzi m'mawa kenako tsiku lonse kumangodina batani, ilibe batire yolemera ija imasunga moto mu kachipangizo kopepuka kotchedwa ultracapacitor. Zikuoneka zazing'ono eti, koma yesani kukoka chingwe cha injini ya 850 mutaima mopendekeka m'chipale mutatopa kale.

Yamaha Sidewinder ndi umboni wa zonse ndikunenazi. Injini ya 998 four-stroke ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini), mphamvu zoopsa, yolimba moti sumva anthu akuidandaula, koma kulemera kwake anthu okonda kukwera m'mitengo anaithawa. Yamaha inalengeza mu 2023 kuti ikusiya ma snowmobile ndipo a 2025 ndi amene anali omaliza.

Za mphamvu tsopano. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse amene wakwera chifukwa mpweya umachepa, ndiye pa mafiti 10,000, kutalika ngati pa Sapitwa paja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu lapita. Rotax 850 E-TEC ya Ski-Doo imapereka 165 horsepower kumunsi, pamwamba sizingatheke. Mu 2020 Ski-Doo inatulutsa two-stroke ya turbo yochokera ku fakitale, yoyamba ya mtundu umenewo, yosunga 165 yomweyo mpaka mafiti 8,000, kenako Turbo R ya 180. Polaris inayankha ndi Patriot Boost pa ma model a 2022 ndiye inabweretsanso 9R yopanda turbo koma yodzuka msanga ukangokhudza throttle. Turbo ndi yokoma sindinganame, pa chiphiri chotseguka chipale chitagwa usiku wonse imangokwera ngati palibe chilichonse, koma imawonjezera makilogalamu, mtengo umadutsa madola 20,000 a ku Canada, ndipo imakufikitsa pamalo amene luso lako silinafike. Kuno ku Revelstoke ndi Golden malo ambiri okwerako sali pamwamba ngati ku Colorado kapena Wyoming, ndiye 850 wamba imakwana ndithu. Wa ku Colorado akagula turbo ndimamumvetsa. Woyamba kumene akagula turbo ndimamudera nkhawa.

Arctic Cat ndimaimvera chisoni chifukwa nzeru ali nazo. Alpha One ija ya njanji imodzi pakati pa track m'malo mwa ziwiri, yomwe inabwera pa ma model a 2019, imagona chambali mosavuta ndipo m'chipale chakuya imagwira bwino zedi, kungoti pamalo olimba ena amati imatsetsereka kumbuyo. Catalyst yatsopanoyi ndi yopepuka ndipo ili ndi injini ya 858. Vuto linali la kampani, Textron imene inali mwini wake inaimitsa kupanga kenako mu 2025 Arctic Cat inagulidwa ndi eni atsopano, ndiye musanagule funsani kaye ngati dila ali pafupi komanso ngati masipeya akupezeka.

Nanga yodalirika ndi iti? Apa aliyense amaikira kumbuyo yake ndipo aliyense ali ndi nkhani ya mnzake amene injini inamuphulikira. Zoona zake nzakuti two-stroke yopepuka yopereka mphamvu zonsezi, yoyenda throttle yonse m'chipale chakuya, siingakhale zaka ngati injini ya galimoto, imafuna kuisintha mapisitoni nthawi ikakwana. Ski-Doo Gen4 zoyamba za 2017 anthu ankadandaula kuti zikudya malamba chifukwa cha kutentha kwa kilachi. Polaris mu 2022 inauza anthu kuti asiye kaye kukwera ma model ambirimbiri chifukwa thanki ya petulo inkatha kuyaka ndi moto wa static, mpaka atakonza. Palibe woyera. Nchifukwa chake ine model ya chaka choyamba sindiigula, ena ayambe aiyesa, ndipo wogula yakale afunse ngati ma recall onse, zija kampani imaitanitsa makina kuti ikonze vuto, anapangidwa ndi kuona mapepala ake osangomvera pakamwa.

Zambiri zimene timati makina oipa ndi ife eni. Munthu kungoliza injini kuli kuzizira nkuipatsa moto wonse isanatenthe, pisitoni nkugwira. Wina kuyenda m'njira youma yopita kumtunda osatsitsa ma scratcher, tizitsulo tija tokanda chipale kuti chiwazikire pa cooler, injini nkutentha chifukwa za kuphirizi cooler yake ndi yaifupi dala kuti zipepuke. Lamba wapadera nyamulani nthawi zonse ndipo phunzirani kumusintha muli pa galaji kunyumba osati kuphiri zala zitauma, kilachi muziyeretsa, oyilo thirani amene anakuuzani osati wotchipa. Makina akafera kuchigwa kumene anzako sangawakoke ndi chingwe, yotsala ndi helikopita ndipo ndalama yake ndi yowawa.

Chinthu chimodzi chokha musachepetse pofuna kupepuka, zida za avalanche, kugumuka kwa chipale paphiri. Transceiver (kawailesi kopezera munthu wokwiririka), fosholo, probe (ndodo yofufuzira m'chipale) ndi chikwama cha airbag zikhale pathupi panu osati pa makina. Mu Malichi 2010 chipale chinagumuka pa Boulder Mountain pafupi ndi Revelstoke pomwe panasonkhana okwera ambiri ndipo anthu awiri anamwalira. Bungwe la Avalanche Canada lili ku Revelstoke komweko, limatulutsa malipoti a mmene mapiri alili, ndipo kosi yoyamba ya za avalanche, AST 1, ndi ya masiku awiri okha, pangani musanagule nkomwe snowmobile, chonde abale anga.

Mukandifunsa kuti nditenge iti, kwa woyamba ndinganene Summit 850 yopanda turbo ya track 154 yokhala ndi SHOT, ya chaka chachiwiri kapena chachitatu cha model yake. Wathupi lalikulu atenge 165 imayandama bwino. Amene wazolowera kale ndipo amakonda kulowa m'mitengo RMK imukomera kuposa. Koma ngati dila wa Polaris ali m'tauni mwanu pomwe wa Ski-Doo ali maola atatu, tengani Polaris osaganizanso kawiri, nyengoyi ndi yaifupi ndipo Januwale yense akhoza kutha makina ali pa mzere kudikira makaniko.