Loya amene anandiletsa kusaina mwachimbulimbuli

Kalata ya khonsolo inandipeza nditangoweruka ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Kuno ku England amaitcha letter before proceedings, ndiye kuti chenjezo lomaliza nkhani ya mwana isanapite kukhoti. Mwana wanga wa zaka 9 ndinamukwapula ndi chipande, aphunzitsi anaona mikwingwirima pamkono, a social worker, oona za chitetezo cha ana kukhonsolo, n'kuyamba kufika pakhomo.

Ndinaimbira foni yaulere ya Family Rights Group, bungwe lolangiza mabanja pa nkhani za ana, ndipo anandiuza kuti ndipite ndi kalatayo kwa loya wa nkhani za ana mwamsanga. Ndinapeza kaofesi kakang'ono pamwamba pa shopu, makwerero ake othina. Mtima unali pa ndalama, koma sindinalipire ngakhale paundi imodzi. Ukakhala ndi kalata imeneyi, legal aid, yomwe ndi thandizo la boma pa milandu, imalipira loya osayang'ana kuti umalandira zingati.

Chimene ndimawayamikira mayi loya amene ndinawapezawa n'choti sanandinyengerere. Nditati kwathu tonse tinakula ndi chikwapu, anavula magalasi, n'kunena mwaulemu kuti malamulo a kuno salola chilango chosiya chizindikiro pathupi la mwana, ndipo ndikapitiriza kudziikira kumbuyo ndimutaya mwanayo. Zinandiwawa. Ndinalira mu basi ulendo wonse. Koma ananena zoona.

Tsiku la msonkhano ndi akhonsolo anakhala pambali panga. Atanditulutsira pepala la section 20 ya Children Act 1989, lamulo la za ana, ine cholembera chili kale m'manja, anaika dzanja lawo papepalapo n'kupempha mphindi khumi. Panja anandifotokozera kuti pepalalo ndi chilolezo changa choti mwana akasungidwe kwina, kuti palibe angandikakamize kusaina, komanso kuti popanda chilolezocho khonsolo iyenera kukapempha kwa woweruza. Anandifunsa ngati pali wachibale wodalirika. Ndinatchula achemwali anga, ndipo iwo anakakamira kuti akhonsolo akawayendere. Mwana anakakhala kwa amayi ake aakulu, kumene amadya nsima ndi kumva Chichewa, ine ndikupita ku maphunziro a kaleredwe ka ana.

Zodandaula zilipo. Foni yawo kuyankhidwa kwake kunali kovuta, nthawi zina masiku atatu zii, ine tulo osabwera. Womasulira Chichewa sanapezeke msanga, choncho mapepala ena ndinawerenga ndekha m'Chingerezi chamalamulo chozunguza mutu. Pamenepa akanayesetsa.

Nkhani yanga sinafike kukhoti, kumene mwana akanapatsidwa woyang'anira wa Cafcass, bungwe loona zofuna za ana kukhoti, ndi loya wakewake, mlandu n'kuyembekezeka kutha m'masabata 26. Mwana anabwerera pakhomo. Mayi mnzanga wa kutchalitchi atalandira kalata yomweyi mwezi watha, ndinamuperekeza ndekha kukwera makwerero othina aja.