Uphungu wa zamalamulo pa Chitakale: ma admin ndi asungichuma a magulu a WhatsApp, pitaniko

Ndine msungichuma wa gulu la pa WhatsApp la anthu a kwathu cha ku Limbuli, ena ali ku Blantyre, ena ku Joni. Tinaliyambitsa namondwe wa Freddy atasesa midzi mu Marichi 2023, ndipo mpaka pano timasonkherana pakagwa maliro kapena matenda. A komiti tonse ndife ongodzipereka, palibe amalandira olo tambala. Membala wina ataponya m'gulumo chithunzi cha mayi wina n'kulemba kuti ndi wakuba, achibale a mayiyo anati atisumira ife a komiti. Ine ndi apampando tinathamangira ku kaofesi kena ka alangizi a zamalamulo pa Chitakale.

Uphungu ndi waulere, koma konzekani kukhala pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Chipinda n'chimodzi, chogawidwa ndi pulayiwudi, moti nkhani ya malo a masiye ya agogo amene anali patsogolo pathu tinaimva yonse. Zimenezi sizinandisangalatse, chifukwa anthu amabwera ndi zakukhosi.

Koma amayi amene anatithandiza, eee, ntchito amaidziwa. Anatenga foni ya apampando, n'kuwerenga uthenga umodziumodzi, chala chili pagalasi, akufunsa kuti analemba ndani, anatumiza kwina ndani, ndipo ife tinadziwa liti. Anatifotokozera kuti gulu losalembetsa lamulo sililiona ngati munthu, choncho osumiridwa amakhala anthu enienife, aliyense ndi dzina lake. Woyamba kuyankha ndi wolembayo, koma admin amene wadandauliridwa n'kuusiya uthengawo, kapena kuutumiza ku gulu lina, akhoza kukokeredwamo. Anatchula lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limalanga kuzunza ndi kunyoza anthu pa intaneti. Anawonjezera kuti mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu ya upandu (Penal Code), lomwe linkamangitsa anthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, koma woipitsidwa mbiri akhozabe kukusumira kuti umulipe.

Pamene mtima unandigunda ndi pa ndalama. Zosonkha zonse zimalowa pa nambala yanga ya Airtel Money. Anandifunsa kuti tsiku limene wina adzati ya chipepeso yaperewera, ndidzaonetsa chiyani? Anatiuza kuti tigule kope, ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka izilembedwa, anthu awiri azisainira, malipoti a mu foni tisamafufute. Akuti gulu likakula tiganize zolilembetsa pansi pa lamulo la Trustees Incorporation Act kuti likhale ndi akaunti yakeyake ku banki.

Sanatinamize kuti adzatiimira kukhoti. Ananena poyera kuti iwo si maloya, samani ikabwera tipite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, kapena tipeze loya.

Chondidandaulitsa china n'choti kapepala kamene anatipatsa n'kachingerezi chokhachokha, pamene ambiri m'komiti mwathu amawerenga Chichewa. Ndinachita kumasulira ndekha usiku n'kujambula mawu kuti enawo amve. Mukamapita, lawirirani m'mamawa, foni ikhale ndi moto, ndipo mauthenga ovutawo muwajambuliretu musanawafufute m'gulu.