Kabokosi ka utoto ka Cotman pa ulendo wathu wa ku Cape Maclear

Pokumbukira kuti takwanitsa zaka 10 tili m'banja, ine ndi amuna anga tinapita kukapuma masiku anayi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, ndipo m'chikwama changa ndinaikamo kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi ka Winsor & Newton Cotman Sketchers' Pocket Box, kamene iwo anandipatsa ngati mphatso. Kampaniyi inayamba mu 1832 ku London, ndipo dzina la Cotman analitenga kwa John Sell Cotman, katswiri wa ku England wojambula ndi utoto wotere.

Kabokosika n'kapulasitiki, kamakwana m'thumba, ndipo muli mitundu 12 ya utoto wouma, kaburashi kakang'ono, komanso chivundikiro chimene chimagwira ntchito ya mbale yosakanizira. Kuchepa kwakeko ndiye ubwino wake waukulu kwa munthu amene wayenda ndi mnzake wa m'banja, chifukwa palibe mwamuna amene angakondwe kukhala maola awiri akuyang'ana msana wa mkazi wake pa tsiku lokumbukira ukwati. Ndinkatsegula kabokosi, kutunga madzi a m'nyanja ndi chitsekerero cha botolo, n'kumaliza chithunzi cha mabwato ndi matandala a usipa a m'mudzi wa Chembe tiyi wa bambowo asanazizire.

Poyamba ndinadabwa kuona kuti mulibe utoto wakuda, koma pa tsiku lachiwiri ndinazindikira kuti sukufunika. Ndikasakaniza Ultramarine (wabuluu) ndi Burnt Umber (wabulauni woderapo) ndinkapeza mtundu woderapo umene unkagwirizana bwino ndi miyala ya ku Otter Point ndiponso mthunzi wa chilumba cha Domwe dzuwa likapendeka. Yellow Ochre (wachikasu ngati dothi) ndi Burnt Sienna (wabulauni wofiirira) ndinaigwiritsa ntchito kwambiri pa mchenga, udzu wa madenga ndi makungwa a milambe, moti pobwerera mitundu iwiriyi inali itakumbika pakati. Mitundu iwiri yabuluu inandithandiza kusiyanitsa madzi osaya a m'mphepete ndi madzi akuya a kufupi ndi chilumba cha Thumbi, kumene tinaona nsomba za mbuna zimene zinathandiza kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, iike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Mbunazo zinandikanika kujambula chifukwa sizikhazikika, koma limenelo ndi vuto la dzanja langa.

Cholakwa chimene ndinachita chinali kutenga kabuku ka mapepala opyapyala kamene ndinagula motchipa mu shopu ina ya zolembera, poti pepala lililonse linkakwinyika likangonyowa, ndipo chithunzi cha manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pamalopa mu 1875, chinawonongeka chifukwa madzi anadikha pakati. Amene akufuna kugula kabokosika agulenso mapepala okhuthala a magalamu 300 pa sikweya mita, kaburashi kena kokulirapo kopakira thambo, ndi zopanira mapepala ngati akupita m'miyezi ya mphepo ya mwera.

Chithunzi chimene amuna anga anachikonda ndi cha iwo eni atagona pansi pa mtengo chipewa chili kumaso, ndipo anachiika m'felemu ngakhale kuti miyendo ndinaitalikitsa mopitirira.