Kiyibodi ndi mawusi zopanda chingwe: ya Bluetooth kapena ya karisiva?

Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pa boma pompano pa Mangochi, ndiye anthu akabwera kudzapulintitsa ma CV akuona ndikutayipa kiyibodi ili pamiyendo kompyuta ili uko, funso limakhala lomwelomwelo, achimwene imeneyi munagula kuti, nanga ine ndigule iti. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Zopanda chingwezi zilipo mitundu iwiri ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Pali za Bluetooth, zimene zimalumikizana ndi foni, tabuleti kapena laputopu popanda kusomeka kalikonse, ndiye pali zina zobwera ndi karisiva kakang'ono ngati chikhadabo kamene mumasomeka pa USB. Ku bokosi zonse amangolemba kuti wireless, wogulitsa pamsika naye akuuzani kuti bwana iyi imagwira paliponse, koma mukafika nayo kunyumba ku Namwera kapena ku Makanjira n'kupeza kuti tabuleti yanu ilibe bowo la USB lalikulu lija, ulendo wobweza katundu ndi wautali, thiransipoti yokha ikuposa mtengo wa mawusiyo.

Pa kompyuta ya padesiki ya mu shopu ine ndimaikira kumbuyo za karisiva, monga Logitech MK270 ija yobwera kiyibodi ndi mawusi m'bokosi limodzi. Mukangosomeka yayamba, palibe zofufuzafufuza mu settings, ndipo imagwira ngakhale Windows isanadzuke, zimene zimathandiza tsiku limene kompyuta yavuta mukufuna kulowa mu BIOS, ma settings a kompyuta amene mumalowamo Windows isanatseguke, pamene ya Bluetooth nthawi zambiri imangokuyang'anani. Komanso ma desktop akale ambiri amene timagula a second hand alibe Bluetooth n'komwe. Kiyibodi ya MK270 ili ndi manambala kumanja kuja, kwa ife olemba ma invoice ndi anzathu owerengetsera malonda a usipa pa Excel chimenechi si chaching'ono. Vuto lake ndi karisivako. Ine kanga kena kanagwera penapake pakati pa depoti ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndili pa kabaza, ndinangokaponya m'thumba la malaya mmalo mokabwezera m'malo mwake mkati mwa mawusi pafupi ndi batire, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawusi yabwinobwino inasanduka chidole cha mwana. Mungapulumuke pokhapokha ngati yanu ili ndi kachizindikiro ka olenji kooneka ngati nyenyezi, zimenezo ndi za Logitech zotchedwa Unifying, risiva imodzi imatenga zipangizo mpaka 6 ndipo mukataya mutha kugula ina n'kulumikizanso.

Koma kwa munthu woyendayenda ndi tabuleti kapena foni, aphunzitsi, anyamata a mabungwe opita kumidzi, a ma lodge a ku Cape Maclear oyankha ma booking, musavutike, tengani ya Bluetooth. Imene ndimakonda ine ndi Logitech K380, yaing'ono yolowa m'chikwama, mabatani ake ozungulira amene tsiku loyamba zala zimaphonyaphonya koma pakatha sabata mwazolowera. Ili ndi mabatani atatu pamwamba osinthira, ndiye mumalemba pa laputopu, uthenga ukalowa pa WhatsApp mwadina lachiwiri mukuyankha pa foni ndi kiyibodi yomweyo, kenako mwabwerera. Imadya mabatire awiri a AAA ndipo eni ake amati amatha zaka ziwiri. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti ya Bluetooth ikakhala osaigwira imagona, ndiye chilembo choyamba nthawi zina chimachedwa, ena zimawakwiyitsa, ine ndinazolowera kungodina kamodzi kaye.

Ena amati nanga sindingasomeke karisiva pa foni? Mungathe, ndi ka OTG, kachipangizo kolumikizira za USB ku bowo la foni, pa Android zimatheka ndithu, kungoti bowo lomwelo ndi lotchajira ndiye musankhe, kutayipa kapena kutchaja.

Nkhani ya mabatire ndiyo ndimakangana nayo kwambiri ndi anzanga. Iwo amati yotchaja ndiye yamakono. Chabwino, koma kuno magetsi akathima m'mawa chinthu choyamba kuika pa power bank ndi foni osati mawusi, pamene batire ya AA mumaipeza pa okala iliyonse mpaka ku Chembe. Ndipo yotchaja batire yake ikafooka pakapita zaka basi mwataya chonsecho. Kungoti musaikemo mabatire otchipa a tochi aja n'kuiwala, ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunoko amatulutsa madzi oyera aja n'kudya tizitsulo ta mkati, ndinatayapo kiyibodi ina yopanda dzina lodziwika mwa njira imeneyo. Gulani a alkaline, ndipo ngati simuigwiritsa ntchito mwezi wonse achotseni.

Tsopano mawusi ndi trackpad, kamalo kafulati koyendetsapo zala m'malo mwa mawusi. Wa MacBook kapena iPad, Magic Trackpad ndi yokoma zedi, zala ziwiri kutsitsa tsamba, zitatu kusintha mapulogalamu, ndipo iPad inayamba kulola zimenezi bwinobwino mu 2020 ndi iPadOS 13.4. Mutha kuigwiritsa ntchito ili pa tchaja, pamene Magic Mouse bowo lotchajira lili pansi pamimba ndiye ikamatchaja imagona chagada, ntchito yaima. Koma ngati muli pa Windows ndalama zimenezo sungani, zambiri za zala zija sizigwira popanda kuikamo madiraiva ena. Komanso kunena zoona trackpad ndi zala za thukuta sizigwirizana, masana a kuno chala chimangokakamira. Popanga ma poster ndi makadi a ukwati ine mawusi basi, ka Logitech M185 ka batire imodzi ya AA kakukwanira, kapena Pebble M350 imene ili ndi zonse ziwiri, Bluetooth ndi karisiva, komanso siichita phokoso podina usiku ena akugona.

K400 Plus ija ya kiyibodi ndi touchpad pamodzi ndi ya pa TV, kukhala pampando kusaka mpira pa YouTube, imafika mamita 10, koma kulembera lipoti la masamba makumi awiri ayi ndithu, mabatani ake ndi opanikizana.

Mawusi ya karisiva ikamadumphadumpha musathamangire kuitaya, onani ngati pafupi pake mwasomeka flash kapena hard drive pa USB 3.0, mabowo a buluu aja, chifukwa amasokoneza siginolo ya 2.4 GHz imene karisiva kamagwiritsa ntchito, kasunthireni karisivako ku bowo lina. Ndipo amene mumandifunsa za ŵ wa m'mawu oti Malaŵi, palibe kiyibodi mwa zimenezi ili naye, mu Word tayipani U+0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, atuluka.