Khadi ya Oyster itatha miyezi ili m'thumba mwanga

Titangofika ku London ndi gulu la kutchalitchi kwathu, ndinalemba mwachidule kuti khadi ya Oyster, yolipirira mabasi ndi sitima, ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo mlendo aliyense aigule tsiku loyamba ngakhale kampani yomuyendetsa ili ndi basi yake. Anzanga anabwerera kumudzi, ine ndinatsala pa maphunziro, khadi ija ndikuyenda nayo mpaka lero. Maganizo anga sanasinthe. Chomwe ndikufuna kuwonjezera n'chakuti phindu lalikulu la khadiyi ndalipeza pa mabasi ofiira aja, kuposa pa sitima yapansi yomwe aliyense amaithamangira.

Kwa amene simunaione: ndi kakhadi ka buluu ka bungwe la Transport for London, kanayamba kugwira ntchito mu 2003. Mumaikamo ndalama pa makina a pasiteshoni kapena m'timashopu tambiri ta m'makwalala, kenako mumangokagunditsa pa kachozungulira kachikasu. Pa sitima mumagunditsa polowa ndi potuluka. Mukaiwala potuluka, makina sadziwa komwe mwatsikira ndipo amadula mtengo wokwera kwambiri. Pa basi mumagunditsa kamodzi kokha, pokwera. Dalaivala salandira ndalama yapamanja, zimenezo zinatha mu 2014, choncho amene mwazolowera kupatsa kondakitala ndalama mutakhala kale pampando, kuno mudzatsala pa siteji.

Miyezi yonseyi ulendo umodzi wa basi wakhala £1.75, kaya mutsike pa siteji yotsatira kaya kumapeto kwenikweni. Mukasintha basi ola lisanathe chikwerereni yoyamba, sakudulaninso. Ndipo ndalama za mabasi zikafika £5.25 pa tsiku, maulendo otsalawo ndi aulere mpaka tsikulo lithe. Ichi ndicho chinandimasula. Ndinasiya kuopa kusochera, chifukwa kukwera basi yolakwika kumangofuna kuwoloka msewu n'kudikira yobwerera.

Ulendo wa gulu uli ndi ubwino wake, sindingautsutse. Amayi achikulire amene tinali nawo sakanatha kulimbana ndi masitepe a pansi pa nthaka, ndipo kukhala ndi munthu wowerenga mitu basi isananyamuke kumapatsa mtendere. Koma umakuonetsani mzinda kudzera pa galasi. Wotitsogolera ankayenda patsogolo atakweza ambulera yopinda kuti tisamutaye, ife pambuyo tikuthamanga, maso ali pa ambulera m'malo mwa nyumba zomwe tinalipirira kudzaona. Pa tchalitchi cha Westminster Abbey tinangoima panja, kujambulitsa, n'kubwerera m'basi. Ine zinandiwawa, chifukwa m'katimo ndi mmene muli manda a David Livingstone. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, ndipo Chuma, Susi ndi anzawo ananyamula thupi lake mpaka kugombe la nyanja kuti likaikidwe kuno mu 1874. Munthu wochokera ku Blantyre kapena ku Livingstonia kufika pakhomo pompo n'kuchokapo osalowa, si zinthu.

Ndinadzapitako ndekha pa basi nambala 24, imene imachokera ku Hampstead Heath kudutsa Camden Town, Trafalgar Square ndi Westminster mpaka ku Pimlico. Ndinakwera pamwamba, poti basiyi ndi yosanjikiza, mpando wakutsogolo, pomwe nthambi za mitengo zimakhula galasi basi ikamadutsa. Pamenepo mumaona mmene malo amalumikizirana: kuti kuchoka pa Trafalgar Square kutsika msewu wa Whitehall kukafika pa Big Ben ndi mtunda woyenda pansi bwinobwino. Kulowa mu Abbey ngati wokaona malo n'kolipira ndithu, koma mapemphero a madzulo ndi aulere kwa aliyense wofuna kupemphera nawo. Manda a Livingstone ndi mwala wakuda woyalidwa pansi pakati pa tchalitchi, anthu amaudutsa osauzindikira.

Basi ina yomwe ndimatumizako aliyense wobwera kudzandiona ndi nambala 15, yodutsa pa St Paul's Cathedral ndi Tower of London. Malo omwewo amene mabasi a alendo amakulipiritsani ndalama zambiri kuti muwaone. Mukaphatikiza ndi nyumba zoonetsera zakale ndi zojambula za British Museum, National Gallery ndi Tate Modern, komwe kulowa n'kwaulere, tsiku lathunthu limatha musanawononge zambiri kuposa za basi ndi chakudya.

Sitima yapansi ndimaikwera ndikachedwa kapena ulendo ukakhala wautali, monga wa ku bwalo la ndege la Heathrow pa njanji ya Piccadilly line. Ndi yachangu, koma mtengo wake umadalira zigawo zomwe mwadutsa komanso nthawi, ndipo m'mawa anthu akamapita kuntchito umakwera. Mapu ake okongola aja sasonyeza mtunda weniweni. Masiteshoni a Leicester Square ndi Covent Garden amaoneka ngati ulendo, pomwe kuyenda pansi ndi mphindi zochepa chabe. Pa masitepe oyenda okha imani kudzanja lamanja, lamanzere ndi la othamanga.

Funso lomwe limabwera kawirikawiri n'lakuti, bwanji osangogunditsa khadi ya kubanki, popeza makina omwewo amailandira? Kwa okhala kuno zilibe kanthu, mtengo ndi umodzi. Kwa mlendo wochokera kwathu ndimalimbikitsabe Oyster. Khadi ya banki yakunja imatha kukanidwa pa geti, mzere uli kumbuyo kwanu, ndipo banki imawonjezerapo zake posintha ndalama. Ndi Oyster mumaika mapaundi amene mwanyamula, n'kumaona okha mmene akutsikira. Musaisunge pamodzi ndi khadi ya kubanki pogunditsa, makina amatha kudula yolakwika. Kwa ife ophunzira palinso china: Railcard, khadi yotsitsira mitengo ya sitima, imalumikizidwa ku Oyster n'kuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu pa mitengo ya sitima nthawi yomwe si ya piringupiringu.

Khadi yeniyeniyo yapirira. Yakandika, mtundu wayamba kufuwa m'makona, yanyowapo ndi mvula kangapo, koma sinakanepo. Ilembetseni pa intaneti kuti ikatayika ndalama zanu zisapite nayo. Munthu aliyense akhale ndi yakeyake, awiri sangadutsire khadi imodzi.

Kwa atsogoleri a magulu, pemphani kampani ikusiyireni tsiku limodzi lopanda pulogalamu. Gawanani m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi, aliyense adiresi ya hotela ili papepala m'thumba, chifukwa foni imatha moto. Muonetsetse kuti m'khadi iliyonse muli ndalama yokwanira musanachoke pahotela, ndipo okalamba muwakhazike m'mipando yapansi ya basi, pafupi ndi khomo lapakati, chifukwa masitepe a basi ndi opapatiza ndipo dalaivala sadikira kuti mufike pamwamba.