Munthu wakuda ku America: kuvota ndi unyinji kapena kupatuka?

Chiyambire 1964, pamene Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loletsa tsankho la Civil Rights Act, pafupifupi akuda 9 mwa 10 alionse amavotera chipani cha Democratic. Ena ochepa amapatuka. Senata Tim Scott ndi wa chipani china chachikulu cha Republican, ndipo woweruza wa khoti lalikulu Clarence Thomas ndi katswiri wa zachuma Thomas Sowell amati banja lolimba, sukulu ndi bizinesi zimatukula munthu kuposa thandizo la boma.

Mtengo wake: wa Democratic amadya ndi abale mwamtendere. Wopatuka amatchedwa wogulitsa mtundu, mwina mpaka ku tchalitchi. Mu 2020 Joe Biden ananena kuti wakuda wokayika pakati pa iye ndi Trump si wakuda, ngakhale pambuyo pake anavomera kuti analankhula mosasamala.

Zotsatira: unyinji unathandiza kubweretsa lamulo loteteza ufulu wovota la Voting Rights Act mu 1965 ndi Obama mu 2008. Koma a conservative, omwe maganizo awo ndi ngati a Thomas ndi Sowell, amafunsa funso lovuta kulizemba: chipani chodziwa kale kuti voti yanu ndi yake chikuvutikirani chiyani? Mbali yawo nayo ili ndi chilema, chifukwa a Republican ambiri amathandizira malamulo okhwimitsa kavotedwe omwe akuda ochuluka amawaona ngati msampha.

Kulimba: mgwirizano wakale ukadalipo, kungoti wayamba ming'alu. Mu 2024 Trump anapeza mavoti ambiri a akuda kuposa mu 2020, makamaka kwa amuna.

Woika patsogolo ufulu wovota ndi thandizo la zaumoyo, kwawo ndi ku Democratic. Wodandaula za misonkho, kuchotsa mimba ndi ufulu wosankhira mwana sukulu angamvane ndi a Republican, bola akhale wopirira mawu a achibale.