Kufufuza agogo a KAR pa tsamba la CWGC: ndi laulere, koma limadziwa okhawo anafera kunkhondo

Tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, mwachidule CWGC, bungwe losamalira manda a asilikali a nkhondo ziwiri za padziko lonse, ndi poyambira pabwino kwa aliyense wofuna mbiri ya agogo ake amene anali msilikali wa King's African Rifles (KAR). Salipiritsa, limatseguka pa foni, ndipo dzina likapezeka mumaona nambala ya usilikali, udindo, tsiku la imfa ndi komwe kuli manda kapena chipilala. Koma dziwiranitu kuti limasunga okhawo anamwalira kuyambira pa 4 Ogasiti 1914 mpaka 31 Ogasiti 1921, komanso pa 3 Seputembala 1939 mpaka 31 Disembala 1947. Agogo amene anabwerako amoyo mulibemo. Amene anafera ku Malaya m'zaka za m'ma 1950 mulibemonso.

Musanagule bandulo, yambani mwafufuza nambala. Dzina lokha limasocheretsa, chifukwa alembi ankalemba mmene khutu lawo lamvera. Kawirikawiri ankatenga dzina la munthu n'kuphatikiza la bambo ake, osati mfunda, ndipo anyamata ena ankadzitcha dzina latsopano polembetsa. Choncho Banda kapena Phiri amene mukumudziwayo akhoza kupezeka ndi dzina limodzi lokha. Nambala za asilikali ambiri a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zinkayamba ndi DN. Yang'anani pa chikalata chotulukira usilikali ngati chilipo m'sutikesi. Mamendulo a nkhondo yoyamba, ija ankaitcha ya Chiwaya, ali ndi dzina ndi nambala m'mphepete kapena kumbuyo kwake, pomwe Africa Star ndi Burma Star ankaperekedwa opanda dzina. Awiriwa amangokuuzani dera lomwe munthu anamenyako nkhondo.

Pofufuza, lembani nambala m'bokosi lake, enawo muwasiye opanda kanthu. Ngati nambala palibe, lembani dzina limodzi ndi gulu la King's African Rifles, kenaka muyesenso kalembedwe kena: L m'malo mwa R, dzina la bambo patsogolo. Maboma nawo ali m'mayina akale. Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Mulanje ndi Mlanje, Thyolo ndi Cholo.

Pa nkhondo yachiwiri tsambali limagwira ntchito bwino ndithu. Amene anafera ku Burma mu 1944 ali ndi 11th (East Africa) Division ndipo manda awo sakudziwika amapezeka pa Rangoon Memorial ku Taukkyan, pomwe ena amene anafera kumadera ena ali pa East Africa Memorial ku Nairobi, enanso m'manda a ku Diego Suarez ku Madagascar. Pa nkhondo yoyamba ndi pomwe limagwetsa ulesi. Amtengatenga ochokera ku Nyasaland anali pafupifupi 200,000, koma mayina a amene anafa ndi kamwazi ndi njala panjira sanalembedwe pamiyala. Bungwe la CWGC linavomereza lokha mu lipoti la mu Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi dzina. Dzina likasowa pamenepa, sikuti agogo ananama.

Za penshoni musayembekezere kalikonse pano, ndipo ngakhale kwina mafayilo ake ndi ochepa, poti asilikali akuda ambiri ankangolandira ndalama ya kamodzi potuluka. Nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wa ku East Africa ankapatsidwa mashereni 3 ndi mapeni 6 pa mwezi uliwonse umene anagwira, mzungu wa udindo womwewo mashereni 10.

Mukadziwa batalioni (gulu la asilikali) ya agogowo, pitani pa kaundula wa pa intaneti wa The National Archives ku Kew, ku UK. Mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku ali m'mafayilo olembedwa WO 95 pa nkhondo yoyamba, WO 169 pa za ku Somaliland ndi Abyssinia, ndi WO 172 pa za ku Burma. Amatchula akuluakulu achizungu, msilikali wamba mwa apo ndi apo, komabe amasonyeza komwe gulu linagona sabata ndi sabata. Amene anapatsidwa mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo yachiwiri muwafufuze mu WO 373, momwe muli nkhani ya zimene anachita. Ambiri mwa mabuku a nkhondo yachiwiriwa sali pa intaneti: pamafunika wachibale wa ku UK apite yekha ku Kew akawajambule, apo ayi mulipire kuti akukopereni. Kunoko, chipilala cha KAR ku Zomba chili ndi mayina a asilikali a nkhondo yoyamba, ndipo National Archives of Malawi ili mu mzinda womwewo. Popita kumeneko tengani nambala, dzina la bambo a agogowo, mfumu ya m'mudzi wawo ndi dzina lakale la boma.